Tsiku Limene Ndinaweruza Mng'ono Wanga

Kodi munaweruzapo mlandu wa m'bale wanu pamaso pa anthu? Ine zinandigwera pa mpikisano wa gemu ya Street Fighter umene ndinakonza m'komboni mwathu. Tinalipo acinyamata 16, aliyense ndi padi yake m'manja.

Mng'ono wanga anapambana onse. Koma tisanaombe m'manja, mnyamata amene anagonja pa ndime yomaliza anaimirira nati padi ya mng'ono wangayo ili ndi turbo. Limeneli ndi batani limene mukaligwira limadzibwereza lokha, mofulumira kuposa cala ca munthu. Nditayesa, ndinapeza kuti zinali zoona.

"Akulu, simunaletse," anatero mng'ono wanga. Sananame. Ndinali nditakonza mipando, TV ndi mphatso, koma lamulo sindinalembe ngakhale limodzi. Ndinalamula kuti abwereze ndi mapadi wamba. Anagonja, ndipo kwa mlungu wathunthu sanandilankhule.

Pambuyo pake ndinawerenga mmene akatswiri amacitira. Pa mpikisano waukulu wa Evo, ku Las Vegas, aliyense amabwera ndi cipangizo cake, koma turbo ndi yoletsedwa, ndipo woimitsa gemu pakati pa nkhondo amaluza ndimeyo. Nawonso amatsutsana. Mu 2019 kampani ya Capcom inaletsa Daigo Umehara wa ku Japan kusewera ndi bokosi lake latsopano la mabatani okhaokha. Mu 2023 inalamula kuti pa Street Fighter 6, kukanikiza "kumwamba" ndi "pansi" nthawi imodzi kuwerengedwe ngati sunakanikize kanthu. Malamulo otere amalengezedwa anthu asanayambe kusewera.

Musaganize kuti cipangizo codula ndico cimapambana. Mu 2014 Luffy wa ku France anatenga cikho ca Ultra Street Fighter IV ku Evo ndi padi yakale ya PlayStation yoyamba.

Tsono inu mukamakonza mpikisano wanu, lembani malamulo papepala, muwawerenge mokweza, ndipo muyese padi iliyonse masewera asanayambe. Mukacedwa, mudzaweruza ndi nkhope ya munthu patsogolo panu, ndipo pamenepo mtima umalemera.

Ndinapepesa kwa mng'ono wanga, pakuti colakwa coyamba cinali canga. Lero ndiye amayesa mapadi pakhomo, ndipo amayamba ndi yake.