Ngalande ya Kumunsi kwa Thanthwe

M'mwezi wa Malichi 2025 tinaunjikana pa foni imodzi kuonera Domen Prevc wa ku Slovenia akutsetsereka pa chipale chofewa ku Planica, matabwa awiri kumapazi. Mwadzidzidzi pansi panamuthera, iye nkuuluka ngati kabawi, kukatera patali mamita 254.5. Anzanga anakuwa. Ine ndinangoti duu.

Kwathu ku Chiradzulu, m'tsinde mwa phiri, kuli thanthwe loterera nthawi ya dzinja. Tinkakwera thunthu la nthochi nkutsetsereka, ndipo kumunsi kunali ngalande yoti tiilumphe. Ineyo sindinailumphepo. Ndinkadzigwetsera pambali dala, nkumanamizira thunthu. Koma pakamwa pokha ndinali katswiri. Tsiku lina ndinauza mng'ono wanga, wa zaka 7, kuti wamantha azikasewera masanje. Anandiyang'ana, nakwera.

Kuchipatala anaumanga mwendowo, komabe mpaka lero amatsimphina. Amayi amadziwa kuti anagwa mu mtengo wa mango, poti anawauza choncho ndine.

Usiku womwewo ndinamutumizira kanema uja. Yankho linabwera m'mawa: "Achimwene, uyu ndiye akanailumpha."