Ganyu wa mawebusayiti

Ndinayamba kupangira anthu mawebusayiti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthawi imene munthu wopita kusukulu ankayenera kukhala ndi ofesi, tayi ndi tsiku lolandira. Ine zonsezi ndinalibe. Ndinali ndi kompyuta yakaunjika yogula kwa munthu wina amene ankatuluka m'dziko muno, ndipo ndinkayenda m'maofesi a eni ake ndi chikwama cha madisiketi. Anzawo a ku Mvano akawafunsa mayi anga za ntchito yanga, ankangoyankha kuti, "Amakonza makompyuta," n'kusintha nkhani. Malume ndiwo sankabisa mawu. Ankati ndi ganyu basi, kaya ndi wa khasu kaya ndi wa kompyuta, pakuti mwezi ukatha palibe amene ali ndi ngongole nawe. Sankanama.

Intaneti inali isanakhalitse m'dziko muno. Kampani ya MalawiNet inayamba kuigulitsa mu 1997, ndipo inkadzera pa lamya ya pansi. Ukafuna kulowa, modemu inkayamba yalira kaye, kenako n'kumadikira tsamba likutsika mzere umodzimodzi. Wina akanyamula foni m'chipinda china, zonse zaduka. Amene tinalibe lamya kunyumba tinkapita ku kafe, kumene ankawerenga mphindi. Choncho ntchito yonse tinkaimalizira kunyumba, n'kuiika pa disiketi yolowa 1.44 MB yokha, n'kukaikweza pa seva uku maso ali pa wotchi. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni ya masiku ano sichingakwane pa disiketi imeneyo, koma ife tinkaikapo webusayiti yathunthu.

Sukulu yophunzitsa ntchitoyi ine sindinapiteko. Ndinkatsegula tsamba limene landisangalatsa, n'kuona mmene mwini wake walembera HTML yake kuseri, n'kukopera pa pepala. Buku limodzi la wina wobwera nalo kuchokera ku Joni linkazungulira tonse, masamba ake ochita kuwafotokope mpaka zilembo kufufutika. Oyamba kumene ankagwiritsa ntchito FrontPage, odzimva kuti afikapo ankagwiritsa Dreamweaver, ndipo panali ena onyada amene ankati iwo amalemba mu Notepad basi. Tonse tinkagwada pamaso pa Internet Explorer 6. Tsamba likaoneka bwino pamenepo, ntchito yatha.

Makasitomala anali a mitundu iwiri: mabungwe omwe si aboma, ndi eni malo ogona alendo kunyanja, ku Cape Maclear, ku Senga Bay, ku Nkhata Bay. Onsewa ankalankhula ndi anthu akunja, awa ndi opereka thandizo, awa ndi azungu odzaona malo. Mmalawi weniweni wa ku Ndirande kapena ku Kawale sankaganiziridwa n'komwe kuti angatsegule tsambalo. N'chifukwa chake zonse zinkalembedwa m'Chingerezi, ndipo tsamba loyamba linkakhala ndi chithunzi cha abwana atakhala kuseri kwa tebulo, pansi pake masomphenya a bungwe. Abwana ena ankaumirira kuti chizindikiro cha bungwe chizizungulira, pazimvekanso kanyimbo. Tinkawapangira ndi Flash, tikudziwa bwino kuti ndi intaneti yathu ija mlendo atopa kudikira chizindikirocho chisanayambe n'kuzungulira komwe.

Ndalama zinalipo, ndisaname. Odziwa ntchitoyi tinali ochepa, ndipo kasitomala sankatha kusintha ngakhale nambala ya foni pa tsamba lake popanda kutiitana. Tinkafika pa ofesi ngati adokotala, kutipatsa mpando ndi tiyi. Chimene tinkagulitsa chinali chinsinsi.

Chinsinsicho chinaululika ndi WordPress, imene inatuluka mu 2003, ndi Joomla ya mu 2005. Kwathu kuno Joomla ndiyo inayamba kufala, WordPress n'kudzaipitirira pambuyo pake. Munthu ankatha tsopano kutenga chikombole chopangidwa kale, n'kusintha mitundu ndi mawu, webusayiti yatha Loweruka limodzi. Ndipamene ndinayamba kumva mawu amene ndikuwamvabe mpaka lero: "Achimwene, mtengo wanuwu wakwera. Mwana wa mlongo wanga akuti atha kundipangira ndi ya sopo chabe." Ena mwa anzanga anakwiya nazo, nati ana awononga msika. Ine ndimaona kuti kasitomala anamasuka, ndipo anayenera kumasuka. Kulipiritsa munthu chifukwa chosintha nambala ya foni sinali ntchito yoti munthu n'kuinyadira.

Koma chimene chinasintha zinthu zenizeni ndi foni ya m'manja. Celtel inasanduka Zain mu 2008, Zain n'kusanduka Airtel mu 2010, ndipo m'zaka zomwezo iwo ndi TNM anayamba kugulitsa intaneti ya pa foni ndi timadongo tolowetsa pa laputopu. Amalawi ambiri intaneti anaionera koyamba pa kagalasi ka foni, kudzera pa Opera Mini, ndipo chimene anapezapo ndi Facebook. Mawebusayiti athu otambalala aja, opangidwira kompyuta ya pa tebulo, pa foni ankaoneka ngati nyansi. Tinayambiranso kuphunzira, kuti tsamba lizidzipinda lokha molingana ndi galasi. Flash inafa pang'onopang'ono mpaka eni ake anaisiya kumapeto kwa 2020, ndipo sindinamve wina akuilira.

Apa ndi pamene ndimasiyanitsira mmisiri wodziwa Malawi ndi wongokopera za kunja. Wotsegula tsamba lako wagula bandulo ndi ndalama imene akanagulira ndiwo. Ukamuikira kanema wodziyambira yekha ndi zithunzi zikuluzikulu zosachepetsedwa, wamubera. Ndimakangana ndi makasitomala pa nkhani imeneyi kuposa pa nkhani ya mtengo. Iwo tsambalo amalionera mu ofesi, pa intaneti yolipira kampani, ndipo amafuna liwale ngati la banki ya ku London. Ine ndimawapempha kuti atuluke panja, azimitse Wi-Fi, alitsegule ndi bandulo yawo pa foni ya mlonda wawo. Ambiri akabwerako amavomera kuti tichotseko zina.

Palinso china chimene mabuku akunja sanena. Anthu ambiri kuno amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Munthu wotere ukamutumizira linki ya webusayiti yako, akadina sichitseguka. Ndiye mayi wogulitsa zitenje kapena makeke akandifunsa kuti, "Kodi webusayiti ndi ya chiyani poti makasitomala anga onse ali pa WhatsApp?" ndimamuuza zoona: simukuifuna, mayi, sungani ndalama zanu. Anzanga ena amati ndikudzitsekera ndekha msika. Komatu mayi ameneyo ukamukakamiza lero, chaka chamawa sadzalipira, tsambalo lidzafa, ndipo adzauza anzake onse kuti za mawebusayiti n'zakuba.

Ofunadi ntchito yathu masiku ano safuna chikwangwani chokongola. Sukulu ikufuna ana azilembetsa ndi kuona zotsatira za mayeso pa foni. Malo ogona akufuna mlendo asungitse chipinda n'kulipiriratu. Kampani yopikisana nawo pa makontrakiti ikufuna imelo ya dzina lake, chifukwa kalata yochokera pa Gmail saiwerengera. Chibwerereni Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, funso loyamba la kasitomala limakhala lakuti, "Nanga anthu azilipira bwanji?" Ntchito inachoka pa maonekedwe n'kulowa m'kati, m'madatabesi ndi m'maakaunti a ndalama za eni ake. Kumeneko ukalakwitsa sakuseka kuti mtundu sunakhale bwino, amakuimbira usiku kuti ndalama za fizi sizikuoneka.

Za malipiro sizinasinthe kwenikweni. Theka poyamba, theka pomaliza, ndipo theka lomalizalo umalitsatira mpaka nsapato kutha. "Cheke chatha, changotsala kusainidwa, koma abwana ali ku msonkhano kunyanja." Mabungwe akuluakulu amafuna TPIN ya ku MRA ndipo amadula msonkho wawo asanakupatse, zomwe zili bwino, bola akupatse kalata yake. Chatsopano, chimene kale sitinkachiopa chonchi, ndi dola. Seva imene webusayiti imakhalapo nthawi zambiri ili ku Ulaya, ku America kapena ku South Africa, ndipo lendi yake ndi ya chaka ndi chaka. Dzina lothera ndi .com kapena .org nalonso limalipiridwa kunja, lathu la .mw amaliyang'anira a Malawi SDNP, koma makasitomala ambiri anazolowera .com. Iwe wagwirizana ndi kasitomala mtengo wa makwacha mu Januwale, pofika nthawi yolipira seva kwacha yagwa. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngakhale makwachawo uli nawo, khadi la kubanki limakana kapena limalola kandalama kochepa pa mwezi. Ndakhalapo ndikupempha mnzanga wa ku Britain kuti andilipirire seva kumeneko, ine n'kupereka makwacha kwa mayi ake kuno. Kufotokozera kasitomala kuti tsamba lake lazima chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, iye atalipira kale, ndi ntchito imene sindinaiphunzire m'buku lofotokope lija.

Dola yomweyo ndi imene yakokera achinyamata ambiri ku Upwork ndi Fiverr, kumene munthu ali ku Area 25 amagwirira ntchito kasitomala wa ku Canada amene sadzaonana naye. Kumeneko akupikisana ndi anzawo a ku India, Pakistan ndi Bangladesh, ndipo kasitomalayo samva zoti magetsi azima. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, aliyense wa ife amene anali ndi kangachepe anagula sola, batire ndi invetala, osati za nyumba yonse, za laputopu ndi rauta basi. Starlink itafika mu 2023 ena anasonkherana n'kugula mbale imodzi. Ine ntchito za kunjazi ndinayesako n'kuzisiya. Ndinazolowera kuona nkhope ya munthu amene ndikumugwirira ntchito.

Ana a masiku ano amatiposa, ndipo sindikunena izi mongowasangalatsa. Akuchokera ku MUBAS, ku UNIMA, ku MUST ndi ku Mzuni, ena anadzera ku mHub ku Lilongwe, ena anangophunzira pa YouTube ndi bandulo ya usiku. Kuyambira pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ngakhale kulemba khodi kwenikweniko kwatsika mtengo. Fomu imene inkanditengera sabata, makinawa amailemba ndisanamalize kumwa tiyi, ndipo nanenso ndimawagwiritsa ntchito. Chimene sachita ndi kukhala pansi ndi akauntanti wa sukulu kuti amve chifukwa chake makolo ena amalipira fizi katatu pa temu, mwina m'dzina la agogo. Sayankhanso foni pamene akuba alowa pa webusayiti ya mpingo n'kuikapo zotsatsa juga.

Gawo lalikulu la ntchito yanga tsopano ndi kudzutsa mawebusayiti akufa. Nkhani yake imakhala imodzimodzi. Bungwe linalemba mnyamata waganyu zaka zapitazo, anagwira ntchito yabwino, analipidwa. Kenako anapeza ntchito ku Joni kapena anasintha nambala, ndipo anapita ndi mapasiwedi onse. Dzina la webusayiti analilembetsa m'dzina lake, ndi imelo yake, chifukwa ndiye anali ndi khadi lolipirira. Chaka chitatha makalata okumbutsa ankapita kwa iye, palibe analipira, tsamba linazima ndi maimelo onse a bungwe. Nthawi zina dzinalo limagulidwa ndi munthu wa kunja amene amafuna madola ambirimbiri kuti alibweze, pamene lasindikizidwa kale pa zikwangwani, pa magalimoto ndi pa makalata. Anyamata ambiri otere si akuba ayi. Palibe anawauza kuti kumanga ndi gawo laling'ono, ndipo mabungwewo sanafune kumva za ndalama yosamalira tsamba chaka ndi chaka. Koma alipo ena amene amagwira dala mapasiwedi kuti kasitomala asawathawe, ndipo amenewo akuipitsa dzina la tonsefe.

Inu amene muli ndi webusayiti ya kampani, ya sukulu kapena ya mpingo, musadikire kuti izime. Muitaneni amene anakupangirani, mumufunse kuti dzinalo linalembetsedwa m'dzina la yani, likutha liti, ndipo seva ili kuti. Akulembereni mapasiwedi onse, muwasunge kumene mumasunga mapepala a malo. Mmisiri woona sakana zimenezi, ndipo akayamba kuzungulirazungulira, funani wina dzinalo lisanathe.