Ndili ku fodya, koma ndikulemba za likodzo lathu

Uthengawu ndi wautali, ndiye ngati bandulo yatsala pang'ono muusunge mukawerenge madzulo mukamaliza kuyanika usipa.

Ambiri mukudziwa kuti ndinachoka ku Msaka mafuta atasowa, mabwato ambiri atakhala pamtunda. Injini ikapanda kulira, makaniko sadya. Ndiye ndinakwera mpaka kuno ku Kasungu, kumene nyanja yake ndi minda ya fodya yosaoneka polekezera. Ndimakonza mapampu othirira nazale, zigayo ndi njinga zamoto. Kabureta ndi kabureta basi, kaya ili pa bwato kaya ili m'dambo.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anandiitana kumudzi wina chakufupi ndi mpanda wa Kasungu National Park kuti jenereta yakana. Ndinapeza mtsikana wa msinkhu wanga, nsapato zodzaza fumbi, atakhala pa bokosi lozizira. Mkati munali timabotolo ta ntchentche za kashembe, zija zimaluma ngati singano n'kupatsa munthu kaodzera. Amazigwira ndi misampha ya nsalu ya buluu ndi yakuda. Anati, "Achimwene, filiji yanga ikapanda kuyaka lero, ntchito ya masabata atatu yawola."

Vuto linali laling'ono, madzi mu petulo ndi pulagi yakuda. Ndikutsuka ndinafunsa funso lija timafunsa tonse: "Achemwali, amakulipirani zingati kuti muzithamangitsa ntchentche?" Anaseka n'kunena kuti sali pa ntchito, ali pa sukulu. Digiri yoyamba anamaliza, pano akupanga yachiwiri, ija amati masitazi, ndipo zonse zikulipiridwa ndi sikolashipu.

Ine ndinkaganiza kuti sikolashipu ndi fizi basi. Ayi. Anandiwerengera pa zala: fizi, kandalama ka mwezi ndi mwezi ka lendi ndi chakudya, mankhwala a mu labu, mafuta a kumunda, ngakhale ndalama imene anandilipira ineyo. Anati munthu wa digiri yoyamba amaphunzira zimene ena anapeza kale, koma wa masitazi ndi PhD amafufuza zimene palibe akudziwa. Ntchito yotero simungaigwire uku mukugulitsa kaunjika kuti mupeze ya ufa. Pamafunika wina akugwirireni m'mimba zaka ziwiri, zitatu, zinayi.

Kenako anandiuza za kaodzera. Mtundu umene uli kuno, ku Nkhotakota ndi ku Rumphi mbali ya Vwaza ndi wachangu: ukapanda kulandira chithandizo umapha pa miyezi yochepa. Umayamba ngati malungo, kenako munthu amagona masana, kubwebweta, kusokonekera mutu, abale n'kuyamba kulozana zala za ufiti. Kwa zaka zambiri, matenda akafika ku ubongo, mankhwala anali jekeseni wa melarsoprol, wokhala ndi poizoni wa arsenic, amene ankapha pafupifupi wodwala mmodzi pa 20 alionse. Tangoganizani, mankhwala okha. Ndiye anayesa mapiritsi a fexinidazole pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi ku Uganda, ndipo mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linawavomereza. Mapiritsi a masiku 10, omwera chakudya. Amene anayeza magazi ndi kuyang'anira odwala ku Rumphi anali a Malawi anzathu amene wina anawalipirira kuti aphunzire.

Ndinati zabwino, koma ife kunyanja kashembe sitimudziwa. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Kwanu ndi kuti?" Nditati Mangochi, anati, "Ndiye inuyo muli ndi ngongole ndi sikolashipu kuposa ine."

Apa ndiye mvetserani, amwene.

Tonse tinakula tikukodza magazi. Tinkapikisana pa mchenga kuti wofiira kwambiri ndani, akuluakulu n'kumati mwana wakula. Kusukulu ankatipatsa mapiritsi a praziquantel aja akuluakulu owawa. Koma abambo athu ndani ankawapatsa? Tsiku logawa mankhwala iwo ali pa madzi kapena akugona atachezera ndi chilimira. Madala anga akhala akudandaula za m'chiuno ndi pansi pa mchombo kuyambira ndili ku pulayimale. Zina sanganene kwa mwana, koma ndinamvapo mayi akunong'oneza azakhali kuti mwina anakazitenga kwa akazi a padoko. Nyumba yathu inatsala pang'ono kupasuka ndi nkhani imeneyo.

Mtsikana uja anandiuza za Dr Sekeleghe Kayuni, dokotala wa ku Malawi konkuno amene anapeza Commonwealth Scholarship n'kukapanga PhD ku Liverpool School of Tropical Medicine. Sanakafufuze matenda a azungu. Anabwerera ku magombe a Mangochi cha m'ma 2017 ndi 2018 kukayeza asodzi, mkodzo ndi umuna womwe. Anapeza mazira a likodzo mu umuna wa pafupifupi msodzi mmodzi pa 10 alionse amene anayezedwa ndi maikulosikopu, ndipo atayeza ndi makina amphamvu chiwerengero chinakwera. Nyongolotsi zija zimakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake sathera mu mkodzo mokha. Ena amakanirira mu ziwalo za abambo, n'kubweretsa ululu ndi magazi pogona ndi mkazi. Munthu amene sanayendepo n'komwe akhoza kuoneka ngati wachimasomaso.

Ndinaima ndi sipanala m'manja, aise. Zaka zonse zija mayi akulira, bambo akulumbira, mwina wolakwa anali nkhono.

Ndipo kumbukirani kuti 2017 ndi chaka cha mphekesera za anamapopa kumwera kuja, anthu anaphedwa chifukwa chongoganiziridwa. Tangoganizani kufika padoko nthawi ngati imeneyo ndi timabotolo, kupempha bambo wamkulu umuna wake. Mlendo wosadziwa chilankhulo ndi ulemu wathu sakanatha. Zimafunika mwana wa konkuno, wodziwa kuyamba kwa amfumu, wodziwa mawu oyenera. M'chaka chomwecho ofufuza anapezanso ku Mangochi mtundu wa nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo, limene anthu ankati kunyanja kwathu kulibe. Nyanja ikusintha, ndipo pakufunika anthu oiyang'anira ndi maso ena, osati a siginala okha.

Tsono ndiulule tchimo langa. Mlongo wanga ena mukumudziwa, uja anapita ku yunivesite yekha pa mudzi wathu wonse. Ine ndinalekera Fomu 4, ndipo ndalama za mainjini anu ndi zimene zinkamugulira sopo ndi mabuku. Anamaliza digiri ya sayansi ya zamoyo, ntchito osaipeza, pano akuthandiza mayi kuyanika usipa pa thandala. Chaka chatha anandiuza kuti akufuna kufunsira masitazi. Ndinamuyankha moipa. Ndinati, "Sukulu yakwana, ife tatopa. Ukufuna uzaphunzire mpaka imvi? Peza ntchito iliyonse, olo ya mu shopu." Anangoti, "Chabwino achimwene," ndipo sanayitchulenso.

Usiku umenewo, nditagona m'chigafa fungo la fodya wa chaka chatha lili m'mphuno, ndinamuimbira. Ndinapepesa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati mafomu anali atawasunga mu foni. Chimene chinkamukanika ndi ndalama ya pasipoti, yotengera mapepala a magiredi kusukulu kwake, ndi bandulo yolembera. Zinthu zazing'ono, za mtengo wa pisitoni ndi maring'i, ndi zimene zimagwetsa mwana wa msodzi asanafike n'komwe pa mpikisano. Ndamulonjeza kuti ndalama ya mapampu a mwezi uno ndi yake. Madala sanasangalale, akuti mwana wamkazi akapita kunja sabwerera. Mantha awo ndikuwamva, alipo amene amapitadi osabwerera. Ndipo akhoza osasankhidwa n'komwe, ofunsira ndi ambiri, malo ndi ochepa. Koma akakana akane iwowo, osati ine mchimwene wake.

Kuno ku Kasungu akuluakulu amakonda kukumbutsa kuti Kamuzu, mwana wa kwawo, anakamaliza udokotala ku Meharry ku America mu 1937 chifukwa anthu a mpingo ndi ena akufuna kwabwino anamugwira dzanja. Palibe amene amafika kumeneko ndi thumba lake lokha.

Ndiye amene muli ndi digiri m'chikwama, kapena muli ndi m'bale wotero, makomo alipo. Pali Commonwealth Scholarship ya ku UK. Pali Beit Trust, imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, kuli Malawi Liverpool Wellcome Programme imene yakhala ikufufuza malungo, TB, HIV ndi matenda ena kuyambira 1995, ndipo imaphunzitsa achinyamata kafukufuku pamodzi ndi KUHeS. Muziyang'ana pa masamba awo enieni. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti tumizani ndalama pa foni kuti akusungireni malo, ameneyo ndi mbava, mblokeni.

Enafe amene sukulu inatithera panjira tili ndi mbali yathu. Ofufuza akabwera padoko, tifunse mafunso onse, ali ndi udindo wotiyankha, ndipo kukana ndi ufulu wathu. Koma tisawagende. Ndipo amene mukuona magazi, kaya mu mkodzo kaya kwinako, pitani kuchipatala mukatchule likodzo ndi pakamwa panu, musachite manyazi. Madala ndawauza kuti ndikabwera pa Khirisimasi ndiwaperekeza ndekha. Ayankha kuti aona. Mukuwadziwa.

Jenereta ija ikulirabe, ntchentche zinafika ku labu zili bwino. Amene muli ndi injini zakufa musapatse aliyense azitokosa, ndikubwera mvula ikagwa. Tumizani uthengawu ku magulu ena, makamaka kumene kuli mwana wa digiri amene akuyanika usipa.