Nkhope za pa Kalendala

Ku America kuli anthu amene amakwera ndege kupita ku zionetsero za makhadi a masewero. Chachikulu mwa zionetserozi, National Sports Collectors Convention, chinayamba mu 1980. M'holo yaikulu ngati bwalo la mpira mumandandalikidwa matebulo mazanamazana, ndipo pa tebulo lililonse pamakhala timapepala tolimba, tosaposa chikhatho, tokhala ndi nkhope za osewera. Mu Ogasiti 2022 khadi limodzi la Mickey Mantle, katswiri wa baseball, limene kampani ya Topps inasindikiza mu 1952, linagulidwa pa mtengo wa madola 12.6 miliyoni. Kumeneko khadi limapimidwa monga apimira fodya ku okushoni. Akatswiri amaunika ngodya zake, kuwala kwake ndi makwinya ake, amalipatsa giredi kuyambira 1 kulekeza 10, kenaka amalitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kuti chala cha munthu chisalikhudzenso.

Ku Highfield, lokeshoni yakale ya mu Harare kumene ine ndinabadwira, zoterezi kulibe. Ife khadi lathu linali kalendala. Kuyambira mu 1969, pafupifupi chaka chilichonse amasankha osewera mpira 11 amene apambana anzawo onse m'dziko muno, mmodzi mwa iwo n'kuvekedwa ufumu wa chakacho, ndipo nkhope zawo zimasindikizidwa pa kalendala imene kwa zaka zambiri inkadziwika ndi dzina la mowa wa Castle. George Shaya wa Dynamos ndiye anali woyamba, ndipo anatenga ufumuwo kasanu: mu 1969, 1972, 1975, 1976 ndi 1977. Kalendala imeneyi inkapachikidwa m'mabala, m'mabutchala, kwa ometa tsitsi ndi m'zipinda zochezera, pambali pa chithunzi cha ukwati. Chaka chikatha, madeti ankang'ambidwa koma nkhope zinkatsala. Ena ankazidula imodziimodzi n'kuzimata m'makope a sukulu, pamodzi ndi zithunzi za m'magazini ya Parade ndi timabuku ta pulogalamu ta masewero a chikho. Ana tinkasinthana zimenezi kuseri kwa makalasi, ndipo mtengo wake tinkaudziwa tonse popanda wotiuza: goloboyi mmodzi sakanagula wogoletsa zigoli pokhapokha utawonjezerapo bulediyo wa nthawi yopuma.

Zotsalira za zinthu zimenezi ndi zimene ndimasaka Loweruka lililonse ndikapeza mpata. Chionetsero changa chilibe holo kapena tikiti. Chimayalidwa pansi, pa masaka ndi makatoni, m'mbali mwa mashopu a ku Machipisa, pafupi ndi bwalo la Gwanzura, kumene anthu ogulitsa mabuku akale amakhala moyandikana ndi ogulitsa tomato ndi matchaja a foni. Pamwamba pa mulu pamakhala mabuku a sukulu, chifukwa ndiwo ali ndi msika. Zimene ine ndimafuna sizikhala poyera. Uyenera kufunsa, ndipo uyenera kudziwa kafunsidwe kake.

Pali wogulitsa mmodzi wachikulire amene ndakhala ndikuchita naye malonda kwa zaka zingapo. Kwawo ndi ku Dedza. Anabwera kuno ali mnyamata, kudzera njira ya ku Tete monga anachitira makolo athu ambiri, nagwira ntchito m'mafakitale a ku Southerton mpaka mphamvu zinatha. Ndi anthu ena amayankhula Chishona chosalala bwino, koma tsiku limene anamva dzina la bambo anga anatembenuza lilime pomwepo.

"Ndiwe mwana wa kwathu iwe? Nanga bwanji ukundivutitsa ndi chiyankhulo cha eni dziko? Khala pansi, mwanawe."

Kuyambira tsiku limenelo ndimawatchula kuti agogo, ndipo sutikesi yawo yachitsulo, imene amakhalira ngati mpando, imatsegulidwa ndikafika.

Agogowa sagulitsa chinthu kwa munthu asanamuyese. Amatulutsa tsamba la kalendala, n'kuphimba mayina ndi chikhatho, n'kufunsa kuti uyu ndani, nanga uyu ankasewera nambala yanji. Ukalephera, mtengo umakwera, chifukwa ndiye kuti watumidwa ndi munthu wa ndalama. Ukakhoza, mtengo umatsika pang'ono, koma umalipira ndi nthawi, popeza wosewera aliyense ali ndi nkhani yake ndipo agogo sadumpha ngakhale imodzi. Ndinamva kwa iwo, kangapo konse, za Black Aces, timu ya kuno ku Highfield imene inatenga ligi mu 1992 n'kuzimirira patapita zaka zowerengeka. Amaikamba ngati akukamba maliro a mbale wawo. Bwalo la Gwanzura nalo, limene linakhala zaka zambiri litatsekedwa ku masewero a ligi yaikulu, amaliloza ndi chibwano osaliyang'ana.

Chimene ndinaphunzira pa sutikesi imeneyi n'chakuti muyeso wathu ndi wosemphana ndi wa ku America. Kumeneko kabowo ka msomali kamagwetsa mtengo wa khadi. Kuno kabowo ndiye umboni. Tsamba lenileni la m'ma 1970 liyenera kukhala ndi bowo pamwamba, dzimbiri pamene panali waya womangira, ndi chikasu chosafanana: chochuluka m'mbali imene inkayang'ana ku mbaula ya palafini, chochepa kumene kunkabisika ndi kabati. Nthawi zina kumbuyo kumapezeka ngongole ya mkaka yolembedwa ndi pensulo. Anyamata ena a masiku ano amatenga chithunzi pa intaneti, n'kuchisindikiza, n'kuchinyika m'tiyi kuti chioneke chakale. Chikomekome cha mkuyu. Agogo amangochinunkhiza n'kuchibweza, amati pepala lakale limanunkha nyumba, osati khitchini ya dzulo. Ine sindidana nawo anyamatawo kwenikweni, pakuti munthu amene akufuna nkhope ya Shaya pa khoma lake ali ndi ufulu woipeza pa dola imodzi. Chimene chimandinyansa ndi tiyiyo basi.

Pali chifukwa chimene zinthu zenizeni zikusowera chonchi, ndipo si njenjete zokha. Mu Meyi 2005 boma linayamba ntchito yogwetsa misika ya m'misewu ndi tinyumba ta kuseri kwa nyumba zikuluzikulu, imene inatchedwa Murambatsvina. Lipoti la bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena pogwirira ntchito. Munthu akamasamutsa banja m'maola ochepa amanyamula mabulangete, mapoto ndi malata. Makope a zithunzi anatsala m'zigumukire, ndipo ena anasonkhezera moto m'nyengo yozizira imeneyo. Patangopita zaka zitatu kunabwera kugwa kwa ndalama kwa mu 2008, pamene anthu anagulitsa chilichonse chimene chikanagulika. N'zoseketsa mowawa kuti ndalama ya pepala ya madola 100 thililiyoni, imene inatuluka mu Januwale 2009 ili yosakwanira kugula zinthu za sabata imodzi, lero ndiyo imene alendo ochokera kunja amaifunafuna. Agogo amasunga zingapo m'thumba la jekete, ndipo amati ndizo zimalipira lendi.

Kwa ife ana a matchona, kalendala ija inali ndi ntchito ina imene anzathu a Chishona mwina sankaiona. Tinakula tikutchedwa Manyasarandi kapena Mabhurandaya, ndipo dzina laulemu lakuti achimwene linkatuluka m'kamwa mwa ena ngati chitonzo. Pa zitupa za ambiri a ife, ngakhale obadwira m'chipatala cha kuno, panalembedwa kuti ndife alendo. Lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa kuti anthu ochuluka ataye ufulu wovota kufikira atakana unzika wa dziko limene ena anali asanalipondeko, ndipo zinatengera malamulo aakulu a dziko a mu 2013 kuti obadwira kuno kwa makolo a m'mayiko oyandikana nawo azindikiridwe. M'zaka zonsezo panali pepala limodzi lokha la m'dziko muno limene linkaika dzina la kwathu pamwamba popanda kufunsa kumene agogo ake anachokera. Moses Chunga, mwana wa makolo ochokera ku Malawi, anagoletsera Dynamos zigoli 46 mu 1986 asanapite kukasewera ku Aalst, m'dziko la Belgium. Bambo anga, amene sankakonda Dynamos ngakhale pang'ono, anamata chithunzi chake pa chitseko cha kabati. Ndipo mu 2005, chaka chomwecho cha zigumukire, amene anavekedwa ufumu wa kalendala anali Joseph Kamwendo wa CAPS United, Mmalawi wa pasipoti ya Malawi.

Khadi lenileni, la mtundu wa ku Ulaya, ndili nalo limodzi lokha. Ndi la Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo kwa makolo a ku Malawi, atavala malaya a Portsmouth. Msuweni wanga ananditumizira kuchokera ku England. Nditawaonetsa agogo, analitembenuza uku ndi uku, nati n'lokongola koma silinakhalepo m'nyumba ya munthu.

Chaka chatha, chakumapeto kwa dzinja, anatulutsa envulopu imene ndinali ndisanaionepo. M'kati munali chithunzi chakuda ndi choyera, chojambulidwa ndi wojambula wa m'lokeshoni: amuna 13, asanu ndi awiri ataimirira, asanu ndi mmodzi atagwada, mpira uli pakati. Sanali akatswiri a pa kalendala ayi. Inali timu ya pa fakitale, ya anthu amene ankasewera Lamlungu ku Zimbabwe Grounds atatopa ndi ntchito ya sabata yonse. Agogo anati pafupifupi onsewo anali a kwathu, chifukwa kapitawo wa pa fakitalepo ankalemba ntchito anthu a kumudzi kwake. Kumbuyo kunalibe dzina kapena chaka.

Wachiwiri kuchokera kumanzere, mwa ogwadawo, anali atsibweni anga. Ndinawazindikira ndi mphumi, imene ndi ya amayi anga ndiponso yanga. Anamwalira ndili wamng'ono, ndipo zithunzi zawo zonse zinali m'kanyumba ka kuseri kamene kanagwetsedwa mu 2005. Kwa Achewa, atsibweni si mbale wamba. Ndiwo eni mbumba, ndiwo amene akanayankhula pa ukwati wanga. Amayi anga anali atakhala zaka pafupifupi 20 opanda nkhope ya mlongo wawo yoti aonetse adzukulu.

Wogula wanzeru sasonyeza kuti mtima wagunda, koma agogo anakhala pa malonda nthawi yaitali kuposa moyo wanga. Anaona chala changa pamene chinaima.

"Madola 40," anatero.

"Agogo, tsamba la Shaya munandigulitsa madola 15. Awa ndi anthu osadziwika."

"Shaya aliyense ali naye. Awa ali ndi ine ndekha."

Kenaka anandiuza chimene chinali kuseri kwa mtengowo. Munthu wina wa kuno amene amakhala ku England anali atawalembera pa WhatsApp, kudzera pa foni ya mdzukulu wawo, kuti akufuna kugula sutikesi yonse nthawi imodzi. Ndalama zimene anatchula zikanakwanira mankhwala a shuga a chaka chathunthu. Sindikanawadzudzula akanavomera. Munthu wa ku England uja nayenso ndi mwana wa Highfield amene akusowa kwawo, ndipo mwina m'nyumba mwake mapepalawo akanasungika bwino kuposa pansi pa matako a nkhalamba m'mphepete mwa msewu. Komabe chithunzi chikawoloka nyanja chilibe mayina, amuna 13 aja amasanduka zokongoletsera khoma. Anthu amene angathe kuwatchula ali kuno, ku Canaan, ku Lusaka, ku Egypt ndi m'zigawo zina za lokeshoni ino, ndipo akutha mmodzimmodzi.

Ndinalibe madola 40 tsiku limenelo. Ndinapempha kuti andibwereke chithunzicho usiku umodzi, ndikasiye foni yanga ngati chikole. Anakana foniyo, nati munthu amene ndikudziwa kwawo safuna chikole.

Amayi anachilandira ndi manja awiri. Sanalire. Anapempha magalasi awo, nasendera pafupi ndi zenera, nakhala chete nthawi yaitali ndithu. Atayamba kuyankhula, sanayambire pa mlongo wawo. Anayambira kumanzere kwa oimirira, monga mmene aphunzitsi amaitanira mayina: uyu kwawo kunali ku Ntcheu, ankaimba kwaya ku mpingo wathu, uyu anali Myao wa ku Mangochi, telala, ndiye anasoka diresi langa la chinkhoswe, uyu anabwerera kumudzi ufulu utangobwera ndipo sanalembenso kalata, uyu ankavina gule, koma zimenezo usalembe. Anatchula anthu asanu ndi anayi mwa 13, ena ndi mayina awo enieni, ena ndi a ana awo oyamba. Pa mmodzi, wamtali wa kumapeto, anangoti, "Ameneyo ndikumudziwa," napitirira. Ndinalemba zonse ndi pensulo pa pepala lapadera, kupatula za gule zija. Atafika pa atsibweni anaika chala pa bondo lawo nati bondo limenelo ndi limene linawasiyitsa mpira, ndipo nsapato zimene avalazo zinali zobwereka.

M'mawa mwake ndinabweza chithunzicho pamodzi ndi pepala la mayina. Agogo analiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, nawonjezera dzina limodzi limene linawabwerera ataona enawo. Anapinda pepalalo bwinobwino, naliika mu envulopu muja.

"Tsopano ndi madola 60," anatero. "Dzulo chinalibe mayina."

Tinakangana mpaka dzuwa linafika pamutu, ndipo tinagwirizana pa 50, yolipira pang'onopang'ono, komanso kuti envulopuyo isalowe m'gulu la katundu wopita ku England ngati malonda a sutikesi atatheka. Ndinamaliza kulipira patapita miyezi itatu. Ndinapangitsa makope asanu ndi atatu pa shopu ina ya ku Machipisa, ndipo amayi akhala akuwapereka okha, khomo ndi khomo, kwa mabanja amene akuwadziwa. Kope la munthu wamtali wa kumapeto uja analisunga m'Baibulo lawo, ndipo mpaka lero silinapite kulikonse.