Mabowo Anayi Osaoneka

Mphete yachitsulo yoyamba imene ndinaibisa m'thabwa inali ya munthu wodwala. Mayi wina wa cha ku Songani anafika pa shedi yanga m'mamawa, ndisanagwire n'komwe pulena. Amuna awo anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo kuwadzutsa tsiku ndi tsiku kunali kutawathyola msana mayiwo. Kuchipatala anawalangiza kuti amange chingwe kumiyendo kwa bedi, choti bambowo azikoka ndi dzanja lamoyolo n'kukhala tsonga okha. Koma chingwecho chinkangotsetsereka pathabwa, komanso bambowo, amene kale anali mphunzitsi wolemekezeka, sankafuna kuti odzazonda matenda aziona bedi lawo lili ngati pomangirira mbuzi.

"Amisiri," anatero mayiwo, "mundipangire choti chigwire zolimba, koma alendo akamabwera ndizichotsa, pasamaoneke kanthu."

Ine ntchitoyi ndinaiphunzira kwa amalume, kuno m'chigwa cha Domasi, pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa. Iwo anaphunzitsidwa ndi mkulu wina amene anakulira pa mishoni ija anaitsegula Alexander Hetherwick mu 1884. Amalume ankadana ndi msomali pabedi. Mwendo ndi thabwa la m'mbali ankazilumikiza posema lilime n'kulilowetsa m'bowo lake, kenako n'kukhoma kachikhomo kamtengo. Koma za mphete yochotseka sanandiphunzitse, chifukwa m'masiku awo panalibe woifuna.

Ndinayamba ndi nzeru imene aliyense angayambe nayo: ngowe ya mano ngati sikuluu, yongopotera m'thabwa. Ndisanaipereke ndinakolowekapo thumba la chimanga la makilogalamu 50 n'kuligwedeza. Ulendo wachitatu ngoweyo inazuka pamodzi ndi nyama ya thabwa. Ndinakhala pansi n'kuganiza za bambo uja atagwa chagada, mutu n'kumenyetsa pakhoma. Kuyambira tsiku limenelo sindikhulupirira mano a sikuluu pamalo ponyamula thupi la munthu. Sikuluu imadalira timitsempha tochepa ta mtengo timene yatiluma, ndipo ukamaipota n'kuichotsa kawirikawiri, bowolo limadyeka mpaka kukhala ufa. Ukaipotera kumutu kwa thabwa, kumene sowo inadula, ndiye kulibiretu mphamvu.

Njira imene ndimagwiritsa ntchito lero ndi iyi. Ndimaboola thabwa la m'mbali mpaka kutulukira kuseri. Kuseriko, kumbali imene imabisika ndi matilesi, ndimamangako kapuleti kachitsulo kokula ngati chikhatho cha mwana, kamene mnzanga wowotcherera zitsulo amakhala atawotchererapo nati pakati. Mphete ili ndi tsinde la bawuti ya mamilimita 10. Imalowa chakunja n'kukapotera mu natiyo. Munthu akakoka, mphamvu yonse imapita pakapuleti kaja, ndipo kapuletiko kamakanikiza thabwa lonse. Kuti mpheteyo izuke, ndiye kuti thabwa lenilenilo lathyoka pakati. Ukaipotokola, imachoka ndi zala zokha, osafuna sipanala.

Tinthu tating'ono ndi timene timapweteketsa anthu. Mphete iyenera kuwotchereredwa mpaka kutsekeka, chifukwa yongopinda imayasama ikalemedwa. Powotcherera paja ndimapapala ndi fayilo mpaka padzisalala ngati supuni, kuti pasadule nsalu kapena khungu. Ndimaipaka penti, poti kuno kufupi ndi mtsinje chinyezi sichichedwa kubala dzimbiri. Tsinde lake lilowe lonse mpaka khosi la mphete likhale pathabwa, chifukwa bawuti yotsalira panja imapindika ikakokedwa chammbali. Bowo lisayandikire m'mphepete, ndiponso lisagwere pamfundo kapena pa lilime la cholumikizira. Thabwalo likhale la mainchesi 2 kunenepa kwake, louma bwino. Laliwisi limafota pakapita miyezi, kapuleti n'kuyamba kugwedera.

Mtengo nawo uli ndi khalidwe lake. Paini wa kuphiri la Zomba ndi wofewa. Chitsulo chimamira m'menemo, choncho kapuleti kamafunika kokulirapo. Malaina ndi womvera pulena koma alibe mphamvu zambiri. Bulugamu ndi wolimba, kungoti amakonda kung'aluka ngati sanaume mofatsa. Mbawa ndi mlombwa ndiye mafumu, koma masiku ano ukapeza thabwa la mlombwa uyenera kufunsa kawiri kumene lachokera. Ndakalamba ndikuona mapiri athu akumetedwa mpala, ndipo sindifuna kuti bedi langa likhale ndi mlandu umenewo.

Kubisa bowo ndiye kumene kumandikoma. Ndimasema kachitsekero kuchokera ku chidutswa cha thabwa lomwelo, mitsempha yake n'kuilozetsa kumene ikulowera ya thabwalo, vanishi n'kupaka wofanana. Komabe kachitsekero kamodzi kokha pathabwa losalala kamaitana maso. Ndiye ndimaika tambiri motsatana, ngati zokongoletsa. Tambirito n'tomata ndi guluu. Tochotseka amatidziwa mwini bedi yekha. Ndimaonetsetsanso kuti tikulowa mothina, chifukwa kampata kalikonse pabedi ndi nyumba ya nsikidzi.

Bambo wodwala uja anagwiritsa ntchito mphete yake zaka zingapo. Mbiri inayenda, anthu n'kuyamba kubwera ndi zofuna zina. Ena amafuna timitengo ta neti ya udzudzu tozula masana, popeza nyumba zambiri za lendi eni ake salola kukhoma misomali kudenga, pamene udzudzu wochokera ku madambo a Chilwa sufunsa kuti nyumba ndi ya yani. Mayi wina wachikulire anandiuza kuti ndiike kachikhomo kuseri kwa mutu wa bedi la mdzukulu wake amene ankalowa m'banja. Sanafotokoze, inenso sindinafunse. Tonse tinakulira m'mudzi, tikudziwa kuti mikanda yofiira ndi yoyera ili ndi zimene imauza mwamuna, ndipo siyenera kuonedwa ndi ana.

Kenako kunabwera bambo wina wachinyamata, amene anakhalako zaka ku Johannesburg. Anazungulira nkhani kwa nthawi yaitali, kufunsa mitengo ya mipando, kuyamikira kabati, mpaka anyamata anga atapita kukadya. Atatsala awiri anati akufuna bedi la dabulo, losalira, lokhala ndi mphete zinayi m'makona, zochotseka. Ndinafunsa ngati kunyumba kuli matenda. Anayang'ana pansi n'kunena kuti ayi, ndi za iye ndi akazi ake, masewera a anthu awiri, omangana manja.

Sindinamuseke, ndipo sindinamudzudzule. Za kuchipinda kwa anthu okwatirana si za kalipentala. Koma ndinamuuza mawu amodzi: "Achimwene, bedi limeneli ndi la anthu awiri. Mubwere ndi alamu, ndimve pakamwa pawo."

Ndinatero chifukwa ndakhala m'mudzi nthawi yaitali. Ndinamvapo kulira kwa mkazi usiku, anthu n'kumati ndi za m'banja. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, koma lamulo silikhala m'chipinda chitseko chikatsekedwa. Chitsulo chimene ndimachiyesa ndi matumba awiri a chimanga, mkazi sangachizule ndi dzanja. Ngati sakufuna, ndiye kuti ine ndi manja angawa ndamumangira ndende.

Anabwera onse Loweruka. Amene analankhula kwambiri ndi mayiwo. Anafunsa ngati mphete zingabisike kwa apongozi awo, amene amabwera kudzakhala mwezi wathunthu ndipo amakonda kusesa m'nyumba monse. Anafunsa ngati zingakande khungu. Anasankha okha msinkhu woti zikhale. Nditaona mmene ankayankhulira momasuka, akuseka n'kumugunyuza mwamuna wake, mtima wanga unakhala pansi.

Ndinawauza zimene mmisiri angathe kunena. Chingwe cha nayiloni kapena cha khonje chimadula ndipo mfundo yake imalimba ikakokedwa. Chitenje chofewa, chopinda motambalala, ndiye chabwino, ndipo chala chizitha kulowa pakati pa nsalu ndi dzanja. Dzanja likachita dzanzi kapena kuzizira, amasule pomwepo. Pakhosi pasafike kanthu. Sizasi ikhale pafupi. Womangidwa asasiyidwe yekha ngakhale kanthawi kokatunga madzi akumwa, makamaka usiku wopanda magetsi kandulo ikuyaka pafupi ndi neti. Mowa ndi masewera amenewa siziyendera limodzi. Ndipo agwirizane mawu amodzi oti akatchulidwa, zonse zithere pomwepo popanda kufunsa chifukwa. Mayiwo anati mawuwo ali nawo kale.

Pa bedi limenelo ndinawonjezera timitanda m'makona onse anayi, pakuti bedi wamba linapangidwira kulemera kopita pansi, pamene mphete zimalikokera m'kati. Popanda timitandato, zolumikizira zimayamba kulira, kenako kumasuka. Ndinalipanga ndekha madzulo, anyamata ataweruka. Mphetezo ndinazikulunga m'kathumba kansalu n'kuzipereka m'manja mwa mayiwo.

Pali mmodzi amene ndinamubweza. Anafuna mphete ziwiri zosachotseka, zolowa loko, zoti azimangirira mng'ono wake amene mutu unasokonekera, iye akapita kumunda. Anali wotopa, maso ofiira, ndipo ndikukhulupirira kuti sankamuda m'bale wakeyo. Tinakhala pabenchi nthawi yaitali. Ndinamuuza kuti chipatala cha anthu odwala misala chili ku Zomba konkuno, ulendo wa minibasi imodzi, ndipo ndinamuthandiza ya transipoti ya anthu awiri. Anachoka asanakondwe, ndipo mpaka lero nkhope yake imandibwerera ndikamaboola thabwa.

Bedi la banja lija ndinadzalionanso patapita chaka, atandiitana kukakonza chitseko cha kuchipinda chimene chinatupa ndi mvula. Apongozi aja analipo, atakhala pamkeka pakhonde akusankha mpunga. Atandiperekeza m'nyumba anasisita thabwa la m'mbali n'kunena kuti timabatani tamtengoto tawasangalatsa, ndidzawaikire totero pakabati yawo. Ndinawayankha kuti ndidzatero, ndipo mwezi wotsatira ndinakawaikira khumi ndi tiwiri, tonse tomata ndi guluu.