Zimbale zanga zapamtima: zimene ndaika patsogolo kuno ku Manchester

Abale anga a ku Feira, a ku Katondwe ndi a pa Bridge, anzanga a kuntchito kuno ali ndi chizolowezi chimene kwathu kulibe. Chaka chikamatha aliyense amalemba zimbale zake zapamtima, choyamba mpaka chakhumi, kenako n'kumakangana ngati pali cholowa. Wina amafera Led Zeppelin IV cha 1971, wina Blue cha Joni Mitchell, wina salola kuti Bob Dylan akhale pansi pa munthu aliyense. Andikakamiza kuti nanenso ndilembe, ndiye ndati muyambe mwaona inu.

Kuno munthu amagula chimbale, n'kukhala pampando kumvetsera mbali yonse yoyamba osavina, osalankhula, kenako n'kutembenuza. Amadziwa woimba ng'oma, chaka, ngakhale kumene anajambulira. Kwathu timadziwa nyimbo basi. Kaseti inali yojambulitsa kwa mnzako, yopanda chikuto. Lero ndi memori khadi momwe kalindula, sungura wa Alick Macheso ndi kwaya ya mpingo zagona pamodzi. Nyimbo yabwino ndi imene imadzutsa anthu pa ukwati, kapena imene woyendetsa basi amabwereza kuchoka pa Bridge mpaka kufika ku boma popanda wodandaula.

Chodabwitsa n'chakuti nyimbo za Zamrock, zathu zomwe, ndinazidziwira bwino kuno. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazidindanso, ndipo mu 2017 inatulutsa Welcome to Zamrock! Zimbale zoyambirira zenizeni, zimene ankadinda a Teal ku Ndola m'zaka za m'ma 1970, anthu amazilimbirana pa intaneti pa mtengo woti msodzi wa pa Zambezi angagulire maukonde atsopano.

Choyamba kwa ine ndi 45,000 Volts cha Ngozi Family, cha 1977. Gitala ya Paul Ngozi ndi yaukali, yokanda m'makutu, ndipo azungu amakondera pomwepo. Ine ndimakondera pakamwa pake. Bambo uja ankaimba Chinyanja cha m'makomboni a ku Lusaka, chopanda kupsatira, chimene umamva pa mpopi anthu akakangana. Mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatenga chidutswa cha Nizakupanga Ngozi n'kuika m'nyimbo yake Noid, ndipo achinyamata kuno ankaitsatira pakamwa osamva ngakhale liwu limodzi. Ndinkangoseka chamumtima. Paul Ngozi mwini wake anamwalira kale mu 1989, zonsezi sanazione.

Chachiwiri ndi Africa cha Amanaz, anyamata a ku Kitwe, cha 1975. Anatulutsa chimbale chimodzi chokhacho. Ndi chofatsa, choyenera usiku wachisanu ukaweruka mochedwa, makamaka Khala My Friend.

Lazy Bones!! cha WITCH, cha 1975 chomwecho, anzanga kuno amachiika pamwamba pa zonse za ku Zambia. Ine ndachiika pachitatu, ndipo anandikalipira. Sindikutsutsa kuti a Jagari Chanda, woimba wa gululo, ndi chimphona: atachoka m'gululo anaphunzitsapo sukulu, anakumbapo miyala yamtengo wapatali, n'kudzabwereranso ndi chimbale cha Zango mu 2023 ali okalamba kale. Koma Lazy Bones!! n'cha Chingerezi, ndipo ndikamvetsera ndimaona anyamata a ku migodi akuyang'ana ku London. Ife a ku chigwa tinkayang'ana kutsidya kwa mtsinje.

N'chifukwa chake Tuku Music cha Oliver Mtukudzi, cha 1999, ndachiwerengera m'zakwathu, ngakhale wina angati ndi cha ku Zimbabwe. Munthu wokulira pamene Luangwa amathira mu Zambezi, Zumbo apo, Kanyemba apo, malire a nyimbo sawadziwa. Wailesi ya mabatire inkagwira kumene yafuna. A Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi ya boma zikhale za Azambia, ndipo lamulolo linakweza oimba ambiri, koma mphepo ya kutsidya sinkapempha chilolezo.

Pa zimene kuno amati nyimbo za makolo ndaika Shalapo, chimene a RetroAfric anasonkhanitsamo nyimbo za a Alick Nkhata. Mawu awo ndi amene ankatuluka m'mawailesi a agogo athu nthawi ya atsamunda. Anafa mu 1978 ku Mkushi pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu pafupi ndi munda wawo. Akuluakulu a ku Feira nkhondo imeneyo safuna kuuzidwa, anaiona ndi maso.

Apa m'pamene ndondomeko ya anzangayi inandithera nzeru. Nyimbo imene imandigwira kuposa zonse ndi A Phiri Anabwera ya Nashil Pichen Kazembe, yonena za mtchona wobwerera kumudzi chimanjamanja n'kupeza makolo anatsikira kuli chete. Aliyense wa ife okhala kunja amaimvetsera mutu uli pansi. Koma ndi nyimbo imodzi, ndipo lamulo lawo likuti zimbale zokhazokha. Nanga ng'oma za pa mwambo wa Dantho kwa a Mfumu Mphuka, kapena za pa Mbambara kwa a Mfumu Mburuma, ndiziike nambala chani? Nanga nyimbo za amayi pa mtondo, za opalasa bwato? Kuno woimba nyimbo za makolo amakwera pa nsanja, anthu n'kulipira pakhomo. Kwathu woimbayo ndi azakhali ako, ndipo ukangokhala phee kumvetsera amakufunsa ngati ukudwala.

Amalume, ndikudziwa zimbale zija za malemu agogo zikadali m'sutikesi. Chonde musazipereke kwa mlendo woyamba kufika ndi ndalama, ndipo musaziike padzuwa, kutentha kwa ku Feira kumazipinda. Ndipo amene apite ku Dantho chaka chino andijambulireko pa foni, koma aime pafupi ndi oimba, osati pafupi ndi jenereta.