Don Williams ndi mapazi a anthu awiri

Kwathu ku Angónia tili ndi mawu amene timangowanena osawaganizira: "Uyu ndiye gule ali m'magazi." Timanenera mwana amene ng'oma ikangolira mapewa ake ayamba kale kugwedezeka. Mawuwa ali ndi mnzake woluma, amene amagwera wina pabwalo lomwelo: "Iwe khala pansi, ukutiwonongera nyimbo." Nyimbo za country zandichititsa kukayikira mawu onse awiri.

Ife okulira m'malire, kumene wailesi ya MBC ya ku Malawi imalowa m'nyumba ngati mnansi, tinamva Jim Reeves, Dolly Parton, Kenny Rogers ndi Don Williams tisanadziwe n'komwe Chingerezi. Jim Reeves anafa pa ngozi ya ndege mu 1964, koma bambo anga ankaliza kaseti yake ngati munthuyo ali moyo ku Dedza. Don Williams anafika mpaka ku Harare mu 1997 kudzaimba. Nyimbozo tinazilandira ndi makutu okha, gule wake anatsala ku Texas. Pa ukwati ikalira Don Williams timangogwirana n'kumagwedezeka pamalo amodzi monga tichitira ndi passada, ndipo zimakoma ndithu, sindikunyoza.

Eni ake amavina gule wotchedwa two-step. Mwamuna amaika dzanja lamanja kumsana kwa mkazi, chakumapewa, lamanzere n'kugwira dzanja lamanja la mkaziyo. Iye amayamba ndi phazi lamanzere kupita kutsogolo, mkazi ndi lamanja kubwerera m'mbuyo. Masitepe ndi anayi: awiri ofulumira, awiri odekha. Wofulumira amadya kugunda kumodzi kwa nyimbo, wodekha amadya kuwiri, ndiye onse pamodzi amakwana kugunda kasanu n'kamodzi. Pamene nyimboyo ikuyenda inayi-inayi, mapazi akuyenda isanu n'imodzi, ndipo amadzakumananso pa chiyambi pakadutsa kugunda 12. Onse ovina amazungulira bwalo mbali imodzi, mosemphana ndi mivi ya wotchi, kuti asawombane. M'nyumba zovinira zakale monga Gruene Hall, yomangidwa mu 1878, amavinabe chomwecho mpaka lero.

Titaona zimenezi pa YouTube tinayamba kuyesa ndi anzathu ochepa Loweruka madzulo, pakhonde la simenti. Msuweni wanga ndi katswiri wa ingoma, akaponda pansi fumbi limavomera. Kuwerenga kwa isanu n'imodzi pamwamba pa inayi sikunamuvute mpang'ono pomwe, ndipo sindinadabwe, pakuti ng'oma zathu zimachita zotero tsiku lililonse: ina ikuyenda itatu, inzake iwiri, n'kukakumana kutsogolo. Khutu limenelo analiphunzira ali kumsana kwa amayi ake, akusinja, akuimba, akupita kudambwe la ukwati, zaka zambiri asanaponde yekha pabwalo. Ena amati ndi magazi, ine ndimati ndi sukulu imene inayamba msanga kwambiri moti sitikumbuka tsiku loyamba.

Chimene chinamuvuta ndi munthu amene anali m'manja mwake. Pa ingoma, pa chimtali, ngakhale tili pamzere kapena pabwalo lozungulira, thupi ndi lako wekha. Ukafuna kuwonjezera kakometsero m'chiuno kapena m'phewa, umawonjezera, anthu n'kululuta. Mu two-step kakometsero ako kamakafika m'dzanja la mnzako ngati uthenga. Phewa likadumpha, iye amamva kuti ukuti atembenuke. Ndiye mlamu wanga ankatembenuka pamene msuweni sanafune, n'kumupondetsa chala. Anamuuza mosabisa: "Bambo a mwana, nyimbo mukuimva nokha, ine simukundimva." Mkazi akuyenda chafutambuyo, saona kumene akupita, amadalira dzanja lili kumsana kwake. Dzanjalo likamavina gule wakewake, iye wasiyidwa panjira.

Amene anatidabwitsa ndi mphunzitsi mnzanga wa masamu, uja amawomba m'manja mochedwa kutchalitchi mpaka ana amayang'anana. Moyo wake wonse akhala akumuuza kuti akhale pansi, ndipo pa maukwati ntchito yake inali kusunga zikwama. Iye analibe chokometsera choti asiye. Anawerenga mokweza, mapewa ali zii, masitepe ang'onoang'ono, maso pa akazi ake. Loweruka lachitatu anasiya kuwerenga, ndipo anazungulira khonde lonse nyimbo ya Don Williams mpaka kutha osapondana. Akazi ake anaseka mpaka misozi, akuti chikwatirane aka kanali koyamba kuvina ndi amuna awo anthu akuona.

Tsopano akufuna waltz, yomwe imayenda itatu-itatu, ndipo nyimbo za Jim Reeves zoterozo zilipo. Msuweni nayenso wayamba kugonetsa mapewa, ngakhale amadandaula kuti akuvina ngati wasenza mtsuko wodzaza. Loweruka likubwerali tikumananso. Amene muli pafupi bwerani ndi nsapato zosalala kunsi, za mphira zimakakamira pa simenti.